Buku la Miyeso

Ndimasoka pakhonde la golosale ya Msowoya ku Chibavi,
pomwe madzi a padenga amadonthera m'chitini cha penti.
Makina anga ndi opalasa ndi phazi.
Magetsi akathima wometa tsitsi amatukwana, ine ndimapitiriza.

Ndiulule, poti palibe amene andifunse:
chaka cha mliri ndi chomwe ndinadya bwino.
Zophimba pakamwa, mazana awiri chimodzi,
za chitenje, za zotsala za yunifolomu.
Malata a nyumba yanga ndinagula ndi mantha a anthu.
Malata omwewo ndiwo ankalira ndi mvula
usiku umene mkulu wanga Penjani
ankafunafuna mpweya ngati wofufuza singano m'udzu.
Sanaupeze.
Suti yake ndinaibweza ndekha
kuti isamukhwepe m'bokosi.

Tsopano wailesi ikuti chuma chadzuka,
chadzuka ndi magawo akutiakuti pa zana.
Kaya. Zimenezo sindinaphunzire.
Ine ndili ndi tepi
ndi kope lakale la masamu
momwe ndimalemba ziuno za anthu.

A Chavula, aphunzitsi: 36 mliri usanadze.
Kenako 33. Lero 33.
Thalauza limodzi ndalibweza kawiri,
matumba akumbuyo atsala pang'ono kupatsana moni.

NyaLuhanga wa ku Taifa,
amene anadya mpamba wonse malire atatsekedwa,
wabwera dzana ndi diresi la ku tchalitchi:
"Mundimasulireko pang'ono, a telala."
Mainchesi awiri abwerera.
Akuti basi ya ku Songwe yayambanso kudzaza.
Anaseka mpaka tepi inagwa.

Vitumbiko wa kabaza chiuno sichisintha,
koma chigamba cha pokhalira ichi ndi chachisanu.
Amakwera mtunda wa ku Katoto ataimirira
pa njinga yomwe idakali ya banki m'khonde.

Pali wina, 44, amatuma dalaivala.
Dzina lake sindilemba.

Lolemba kunabwera a nsalu ya nkhope yomwetulira:
"Takuvuulani m'dzenje, musasinthe woyendetsa pakati pa mtunda."
Lachinayi, a nsalu ya chala cholozera kumwamba:
"Dzenje ndi lomwelo, angolipaka laimu."
Onse anasiya theka la ndalama.
Onse akuti zotsala apereka akapambana.
Ndadula khutu la mmodzi kuti mkono ukwane,
winayo chibwano chake chathera mumpendero.
Zidutswa zawo zagona thumba limodzi pansi pa makina
ndipo sizinakanganepo.

Tsiku lafika ndi nkhungu ndi mvula yowaza
yomwe sinyowetsa msanga koma siisiya munthu.
Mzere wa pasukulu ndauyang'ana chakumbuyo,
monga ndimayang'anira chovala: ku misoko.
Malamba oboola ndi msomali kuti agwire.
Malamba ena, ochepa, obwerera pa bowo lakale.
Zipi yanga iyo. Kolala yotembenuza iyo.
Ndikanatha kuwerenga mavoti dzuwa lisanatuluke
mtima ukanakhala wolowa pa tepi.
Koma a Chavula akuti amaopa kuyambiranso,
ndipo NyaLuhanga, ndi mainchesi ake awiri,
akuti sanaiwale amene sanamuyankhe pamene ankalira.

Ine ndalowa mokhotera muja ndi zinthu ziwiri,
denga losadontha
ndi suti yomwe ndinaichotsa mainchesi asanu.
Ndachedwa. Wina kumbuyo watsokomola,
mzere wonse watembenuka, mwachizolowezi.

Ndachonga.
Chala chomwe singano yachibaya zaka makumi awiri
ndachiviika mu inki.

Masana ndabwerera pakhonde.
Inki ija, isanaume bwino,
yadetsa shati yoyera ya a Chavula pafupi ndi thumba.
Ndachapa, yakana.
Ndawauza kuti ulendo uno asalipire.